Kapaipi ka m'mutu mwa a Febian

Pasiteji ya Kacholola, amai awili osadziwana anali kudikila basi ya ku Lusaka.

"Amai, abambo mwakhala nawowa, chipsela cha m'mutucho n'chachiyani?"

"Ndi amuna anga, a Febian. Anagwa pa lole ya thonje. Atawapanga opaleshoni, madzi anayamba kudzaza m'mutu. Anangoti zii miyezi inayi, osayenda, ine osandidziwa."

"Pepani. Madziwo anawachotsa bwanji?"

"Madokotala anawaika kapaipi pansi pa khungu, madzi amatsikila m'mimba. Mawa tikaonetsa kuchipatala ngati kakugwila bwino."

"Nanga tsopano akukudziwani?"

"Kwambili. Sabata latha anandifunsa kuti, 'Amake Tasila, nshawa zija munapalila?' Ndinati sindinapalile. Anandikalipila, ine n'kumangoseka. Miyezi inayi yonse ndinali kupemphelela kukalipa kumeneko."