Chitenje pa Nthiti Zothyoka

"Mukudzipha nokha, bambo, ndi chitenje mwamanga pachifuwacho."

Anatero mayi wina pasiteji ya Katete. Bamboyo anali atatsamira khoma, akupuma mobanika, kudikira minibasi yobwerera kwawo ku Sinda.

"Ngolo inandigwetsa, mayi, nthiti zitatu n'kuthyoka. Ndikamasula zimabaya ngati mpeni."

"Amuna anga ankateronso, mpaka chibayo chinawagwira. Adokotala anawamasula, n'kuwabaya jekeseni kumsana, yochititsa dzanzi mitsempha ya m'nthiti. Tsiku lomwelo anatsokomola bwinobwino, makhololo onse n'kutuluka."

"Ine mlungu wathunthu ndikugona chokhala. Kuchipatala chakwathu anangondipatsa mapiritsi, akuti wodziwa kubaya jekeseniyo ali kutauni."

"Ndiye kunyumba mukukatani? Mulondoleni."

"Ndatopa, mayi. Koma tandiyankhani inu: nthiti za ife akumudzi n'zachitsulo kodi?"