Phala la Apongozi

Abale ndi alongo, moni nonse. Ambuye alemekezeke! Ine ndine make Tadala. Ndimakhala ku Golomoti, kuchitengwa, kwawo kwa amuna anga. Ndiyankhula basi.

Nditayamba sikelo ya mimba yoyamba, anandiyeza magazi. Anandipeza ndi kachilombo. Amuna anga nawonso chimodzimodzi. Tonse tinayamba kumwa mankhwala. Anamwino anandiuza mosapsatira: "Mankhwala osadumphitsa. Mwana akabadwa, bere lokha miyezi isanu ndi umodzi. Madzi ayi, phala ayi, mizu ayi. Mukasakaniza, kachilombo kamapeza polowera m'matumbo mwa khanda."

Pobwerera, bambo a Tadala anati, "Amayi asamve. Akamva anena kuti wabweretsa ndiwe, akuthamangitsa."

Apongozi anga, abale, sabwereza mawu kawiri. Ana awo onse anawayambitsa phala khosi lisanalimbe. Ungawauze chiyani?

Tadala anabadwa dzuwa likuswa mtengo. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Mwana akalira, apongozi ankamugwira pamutu. "Liwombo lalowa ili. Ali ndi ludzu. Mkaka wakowo ndi madzi okhaokha." Ine ndinkangoti, "Wangoyamwa kumene, amayi." Mawa lake, "Wagona, amayi." Kumunda ndi mwana kumsana. Kumjigo ndi mwana kumsana. Ngakhale kuchimbudzi, abale, ndinkapita naye! Pamudzi anayamba kunena kuti ndine wonyada. Ndinkaopa usana wonse, ndinaonda ngati bango.

Tsiku lina masana mwana anagona pamphasa. Ndinati ndithire madzi m'thupi mwachangu. Sopo ali kumaso, ndinamva supuni ikugunda mbale. Ndinatuluka m'bafa chitenje chili chonyowa.

Apongozi ali pakhonde, Tadala ali pamiyendo pawo. Amufinya masaya, kamwa lili chitsegukire. M'supuni muli phala losakaniza ndi mizu ya liwombo. Alamu anga, achemwali a amuna anga, akutong'ola chimanga pambali. Amuna anga akukonza njinga yawo ya kabaza.

"Amayi, musamupatse!"

"Iwe, ukuletsa ine? Mwamuna wakoyu anakula ndi chiyani?"

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo maso pa tcheni cha njinga. Ndinawaitana, "Bambo a Tadala!" Osadzutsa mutu. Supuni inayandikira pamlomo pa mwana.

Abale, ndinasankha pomwepo. Banja lithe, koma mwana ayi.

"Amayi, ndili ndi kachilombo. Ndikumwa mankhwala. Mukamupatsa phalalo, atha kutengera."

Phala linadonthera pachitenje cha apongozi.

"Wabweretsa matenda m'nyumba mwa mwana wanga?"

Alamu anga anati, "Alongedze azipita kwawo."

Ndinanyamula mwana, n'kulowa m'nyumba, n'kuyamba kumanga zovala. Misozi inkagwera pamutu pake, iye akuyamwa osadziwa kanthu. Ndinalibe pemphero lalitali. Ndinkangoti, Yesu, Yesu, Yesu.

Kenaka ndinamva mawu panja, aang'ono. Anali amuna anga. "Amayi, inenso ndikumwa. Akachoka uyu, nanenso ndichoka."

Sindinachoke. Koma apongozi anasiya kundiyankhula. Moni wanga ankangogwera pansi. Kenaka m'mawa wina anakwera minibasi okha kupita kuchipatala ku Mua, kukadzifunsira kwa anamwino. Atabwerako anaima pakhomo panga, osandiyang'ana, n'kunena kuti, "Akuti bere lokha."

Kuyambira pamenepo anasanduka apolisi. Kumaliro mayi wina anafuna kumulawitsa Tadala thobwa, iwo anamukalipira mpaka oimba anatembenuka. M'mawa uliwonse ankafuula ali kukhitchini kwawo, "Make Tadala, wamwa?" Mudzi wonse kumva! Manyazi anali pamenepo, koma sindinadumphitsepo.

Mwana anamuyeza koyamba, bwino. Kachiwiri, bwino. Koma anamwino anati chenicheni tidzachidziwa akadzasiya bere. Tsiku lokamuyeza komaliza kuchipatala, apongozi anamubereka okha. Tinadikira zotsatira pabenchi. Anamwino anatuluka, n'kutiyang'ana.

"Alibe."

Apongozi anagwada pasimenti pomwepo, kulira ngati mwana. "Ndikanamupweteka ndi dzanja langa," anatero.

Lero ndikumwabe mankhwala, amuna anga akumwabe, tikulima, tili ndi mphamvu. Alamu anga mpaka pano sadya m'mbale mwanga. Zimawawa, sindinama. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anatsegula pakamwa panga. Tadala ndi uyo akuthamangitsa mbuzi panjapo. Alibe, abale. Mwana wanga alibe!