Gadiyani wa Mapapo

Ndinafika ku Area 11 kutada, kunyumba ya malume, a Chikaonda, komwe ndinali ndisanapondeko. Ndinawapeza ali gone pa sofa, atachotsedwa ndulu dzana kudzera m'timabowo tinayi. Pambali pawo mlamu wawo wa ku Mitundu, a Lexon, akukoka mpweya pa kapaipi ka chipangizo cha timipira titatu.

"Khumi," anatero a Lexon timipira titagwa. Analemba papepala.

"Mukundisokosa," anatero malume.

"Adokotala anati timipira tizikwera kakhumi ola lililonse. Apo ayi, chibayo."

"Ine anandichotsa ndulu. Mapapo sanawakhudze."

"Anati anakupopani mimba. Mapapo anapanikizika, sakutseguka onse."

"Ndikakoka mpweya ulusi uduka. Mabowo anayi awa! Ndiphwa ngati tayala."

"N'chifukwa chake ndikukoka ine."

"Anati azikoka ndani?"

"Anati tizikwera. Gadiyani ndine. Pamzere wa mankhwala ndinaima ine. Zovala ndinachapa ine. Ichi chasiyana pati?"

Malume anayamba kutsokomola, nalekeza panjira atagwira pamimba.

"Musadzivute, alamu." A Lexon anatsokomola kawiri, mwamphamvu. Analemba.

"Nanga zoyenda anandiuza zija?"

"Ndazungulira mpanda kasanu. Mukupeza bwino kwambiri. Dzulo mumakweza kampira kamodzi kokha, lero tonse titatu."

"Ine?"

"Pepalali lili m'dzina lanu."

"Nanga bwanji ndikubanika?"

"Kaya, mwina sizinakufikeni. Ine ndiye m'chifuwa muli mbee. Chitunda cha ku Capital Hill ndakwera osaima, pokasiya kalata yanu ya kuchipatala."

Malume anadzuka pang'onopang'ono, atatsamira chigongono.

"Ndulu yanga. Mabowo anga. Mapapo akuchira anu?"

"Eetu."

"Bweretsani."

"Ulusi uduka, alamu."

"Uduke! Bweretsani kuno!"

Malume analandira kapaipi n'kukoka. Nkhope inakwinyika. Kampira kamodzi kananjenjemera n'kukhalanso pansi.

"Mwaona? Si ntchito ya odwala iyi."

"Khalani chete. Werengani."

Ine ndinakagona. Sindikhalitsa malo amodzi. M'mamawa chikwama chinali kale paphewa, ulendo wa ku depoti. Pakhonde malume ali ndi kapaipi kukamwa, thukuta kamukamu, timipira tiwiri tili m'mwamba. A Lexon pepala m'manja, cholembera kukhutu.

"Lembani, alamu," anatero malume ali wefuwefu.

"Sindingalembe."

"Chifukwa?"

"Dzulo titatu, lero tiwiri. Adokotala aona kuti mukubwerera m'mbuyo."