Mkamwini Kumbuyo, Tambala pa Kaliyala

Chaka chija sukulu inayamba kukhala yaulere, mwana wanga womaliza Chisangalalo anapeza mbeta ku Jali, ndipo banja lonse tinanyamuka pa Malemia pa njinga kupita ku chinkhoswe. Mlamu wanga Dyna atanena kuti a msinkhu wanga akwere minibasi, ine ndinabwereka njinga, ndinamanga pa kaliyala dengu la tambala wokapereka kwa ankhoswe akuchikazi, ndipo ndinalumbira pamaso pa onse kuti munthu asayerekeze kundithandiza pokhapokha nditanena ndi pakamwa panga kuti ndatopa.

Sitinafike ndi pa Songani pomwe. Gulu linali litazimiririka kutsogolo, ine nditakhala pansi pa mtengo wa mango miyendo ikunjenjemera ngati ya mwana wa mbuzi wongobadwa kumene. Chapatali pang'ono, atanjuta mondipatsa msana monga achitira mkamwini waulemu, panali a Jeremiya, amuna a mwana wanga Eluby, amene anatsala kunyumba ndi khanda.

"Bambo a Tisungeni," ndinaitana.

"Zikomo, amayi." Anavula chipewa, osatembenuka.

"Anzanu apita."

"Apitadi."

"Nanga inu mukudikira chiyani?"

"Mayi a Tisungeni anandiuza kuti ndizikhala kumbuyo kwanu. Ndisakupitirireni ngakhale pang'ono."

"Eluby ndinabala ndine."

"Zoona, amayi. Koma madzulo ndikabwerera kwa iyeyo."

Tambala anandiyang'ana ndi diso limodzi.

"Kodi mwatopa, amayi?"

"Wanena ndani?"

"Palibe. Ndimangofunsa."

"Ndikuona phiri."

"Lomwe lija timaliona tili pakhonde?"

"Lero laoneka bwino."

Anadzutsa mutu, naliyang'ana phirilo nthawi yaitali ngati akufuna kuligula. "Laonekadi."

"Vuto ndi njingayi," ndinatero. "Ikulemera. Mwini wake saithira mafuta."

"Mundilole ndiione?"

Ndinasunthira kuseri kwa mtengo kuti tisakumanize maso. Anaomba m'manja pang'onopang'ono, natsitsa dengu, nakwera njinga ija. Anaipalasa kulowera kumene tinachokera, kuopa kundipitirira. Posakhalitsa anabwera akuimba belu.

"Ikuyenda ngati mphepo, amayi."

"Mwapita kotsetsereka."

"Pobwera ndakwera."

"Ikumakana chakumanzere."

"Ndaiyesa kumanzere. Yavomera."

Anamanganso dengu ndi malegeni, nabwerera pamalo pake, msana uku. Apa ndi pamene ndinaona ubwino wa mwambo wathu. Munthu wosakuyang'ana sangakhale mboni. Ndinatambasula dzanja, ndinamasula valavu ya tayala lakumbuyo. Mpweya unalira mpaka mbuzi ya m'mphepete mwa msewu inasiya kudya.

"Amayi, mwamva?"

"Tayala laphwa. Ndi munga. Basi, ulendo wa njingayi wathera pompa."

Anaombanso m'manja, ine ndinabwerera kuseri kwa mtengo. Anazunguliza tayala lija, nalisisita, napaka malovu pa valavu.

"Si munga, amayi. Wina wamasula."

"Ndani?"

"Pano tilipo atatu. Ine ndinali uko."

"Ndiye mukunena ine?"

"Iyayi, amayi. Mulungu andikhululukire." Anayang'ana tambala. Tambala anayang'ana iwo. "Komatu miyendo yake ndi yomanga."

"Mlomo si womanga."

"Zoonadi," anatero. Anatenga pampu, napopa mpaka tayala linalimba kuposa mmene linalili m'mawa. Kenako anatembenuza dengu kuti mutu wa tambala uloze kutali ndi valavu. "Sachitanso."

Dzuwa linali litakwera. Ndinayamba kuwaona m'maganizo ankhoswe akuchikazi atakhala pa mphasa, thadzi lawo lili m'manja, akudikira tambala amene ali pansi pa mango kuno kwa Malemia. Popanda kusinthana nkhuku palibe chinkhoswe. Ndipo malume a mtsikanayo anali atanena kale kuti tikapanda kuoneka bwino ulendo uno, kuli mnyamata wogulitsa nsomba wa ku Kachulu amene akungodikira kuti aitanidwe.

"Bambo a Tisungeni, tengani tambalayu muthamange naye. Ine ndibwera pambuyo."

"Ndiye kuti ndakupitirirani."

"Ndakulolani ine."

"Wondiletsa si inu, amayi."

"Dzerani m'munda wa chinangwawo. Ine nditsinzina."

"Mulungu satsinzina."

Ndinali nditaiwala kuti chaka chomwecho anawasankha udikoni ku Mishoni. Mpaka lero ndikufunafuna amene anatchula dzina lawo.

Minibasi inatulukira kuchokera ku Liwonde, kondakitala atatulutsa theka la thupi akukuwa za ku Zomba. Dzanja langa linakwera lokha.

"Mukuiimitsa, amayi?"

"Ndikukonza duku."

"Ndimadabwa. Paja munati minibasi ndi ya anthu amene akudikira manda."

"Ndinatero?"

"Pamaso pa azakhali a Dyna. Kawiri."

Minibasi inadutsa, kutisiyira utsi. Ndinakonza duku lomwe linalibe vuto lililonse.

"Tiyeni tinene chonchi," ndinayamba. "Tiyerekeze kuti pali mayi wina."

"Wa kuti?"

"Wina chabe."

"Wa mpingo wathu?"

"Ee, wa mpingo wathu. Wa Mvano. Mayiyo ali pa ulendo, ndiye miyendo yake yamukana."

"Aa, pepani. Wayamba liti kudwala?"

"Sakudwala. Miyendo yangomukana. Inu mungamuthandize bwanji?"

"Ndingamukweze pa kaliyala."

"Eya. Mwaganiza bwino."

Anaimirira, nayika dzanja pachipumi, nayang'ana kumene tinachokera. Anayang'ananso cha ku Songani. "Sindikumuona, amayi."

"Ali pafupi."

"Kuseri kwa chulucho?"

"Pafupi kuposa pamenepo."

"Akuchita manyazi?"

"Kwambiri."

"Ndiye tisamuvutitse. Akafuna anena." Ananjutanso.

Ana ndabala asanu ndi awiri, atatu mwa iwo ndinawabalira m'nyumba mvula ikugwa. Ndasenza mpunga kuchokera kudambo mpaka kumtunda kuno, mwana ali kumsana. Sindinapemphepo munthu kuti anditule. Koma tambala anali atayamba kuyasama, lilime lili panja, ndipo ndinaganiza za Chisangalalo atavala jekete lobwereka, khosi likungotalika kuyang'ana kumsewu.

"Ndatopa," ndinatero.

"Pepani amayi, mwayankhulira m'chitenje."

"Ndati ndatopa. Ndatopa kuyambira pa mlatho wa Domasi. Ndatopa miyendo, ndatopa msana, ndatopa ndi malo ena amene mkamwini sauzidwa. Mwamva tsopano?"

Anaomba m'manja. "Ndamva, amayi. Zikomo kwambiri."

"Ndiye bweretsani njinga yanuyo ndikhale pa kaliyala."

Anaimirira mwachangu, nagwira njinga, kenako anaima. Anakanda m'mutu.

"Mwatani?"

"Pali kavuto."

"Ngati ndi zogwirana, sindikugwirani. Ndigwira chitsulo."

"Si zimenezo. Kaliyala ali kumbuyo."

"Kumene. Munamuonapo ali kutsogolo?"

"Inu mukakhala pa kaliyala, ine pa chishalo, ndiye kuti ine ndili kutsogolo kwanu. Ulendo wonse mpaka ku Jali. Mayi a Tisungeni akandifunsa ndidzati chiyani?"

"Mudzati apongozi anu anatsala pang'ono kufera pa Songani."

"Sanandiuze kuti mukatsala pang'ono kufa ndikupitirireni."

"Ndikhala chammbali, monga akhalira amayi onse."

"Chammbali ndi kumbuyo ndithu."

"Bambo a Tisungeni, masiku ano ndi a matipate. Munthu ali ndi ufulu."

"Kunyumba kwathu sanafike, amayi."

Anakhala akuganiza, chipewa chikuzungulira m'manja. Kenako nkhope inawala. Ndinaionera m'makutu, poti nkhopeyo sindinkaloledwa kuiona.

"Ndapeza nzeru."

"Nenani."

"Inu mukhale pa chishalo muzipalasa. Ine ndikhale pa kaliyala ndi tambala. Mukhala muli kutsogolo, ndipo simukhala nokha."

Ndinayang'ana kumwamba. Ndinayang'ana mwala umene unali pafupi ndi phazi langa. Unali wabwino kukula kwake, koma ndinakumbuka kuti zidzukulu zanga zikufunika bambo.

"Ndikufunseni," ndinatero modekha. "Eluby anati muzikhala kuti?"

"Kumbuyo kwanu."

"Panopa ine ndayang'ana kumsewu. Kumsana kwanga kuli chiyani?"

"Mtengo wa mango."

"Ndiye mtengowu uli kuti?"

"Kumbuyo kwanu."

"Ndikakhala pa kaliyala chotembenuka, maso kwa Malemia, msana ku Jali, kumsana kwanga kukhala ndani?"

Anawerenga ndi zala. Sindikudziwa chimene ankawerenga. "Ine."

"Ndiye mukhala muli kuti?"

"Kumbuyo kwanu." Anapuma mpweya wautali. "Amayi, inu mukanaphunzira bwenzi muli a majisitireti."

Njinga yobwereka ija tinakaisiya kwa mayi Alesi, mnzanga wa Mvano amene nyumba yake ili pafupi ndi msewu. Ndinapinda chitenje pa kaliyala, ndinakhala chotembenuka, dengu pamiyendo. Tisananyamuke ndinati tikambirane.

"Tikafika, mukanene kuti tcheni chinaduka."

"Sichinaduke."

"Ndikudziwa. Mukangonena."

"Ndine dikoni, amayi."

"Nenani kuti tayala linaphwa. Limenelo linaphwadi."

"Akandifunsa ngati ndinapopa?"

"Chabwino. Musaname. Koma mawu aja ndanena pansi pa mango aja, asatuluke pakamwa panu. Makamaka kwa Dyna. Ndakuletsani."

"Mwandiletsa."

"Mwamvetsa?"

"Ngakhale andimenye, amayi."

Mmene tinadutsira pa Songani sindifuna kukumbuka. Linali tsiku la msika. Munthu woyang'ana kutsogolo amadutsa anthu nkuwaiwala, koma wokhala chotembenuka amawaona onse akutembenuka mmodzimmodzi, akugwirana mapewa, akuloza. Mayi wina wogulitsa tomato anachita kukhala pansi. Ndinawapatsa moni onse mwaulemu ngati mmene ndakhaliramo ndi mmene timakhalira kwathu.

"Muli bwino kutsogoloko, amayi?" ankafunsa a Jeremiya pa chitunda chilichonse.

"Palasani."

Pa Matawale tinasiya tala nkulowa msewu wafumbi. Bampu aliyense ndinkamudziwa nditamumenya kale. Fumbi lonse la njinga yathu linkabwera kudzandipatsa moni kumaso. Koma kunena zoona, mwamunayo amapalasa. Eluby sanasankhe nzeru, anasankha miyendo.

Tinafika ku Jali ankhoswe akuchikazi atayamba kuyang'ana dzuwa ndi kutsokomola. Mchimwene wanga Yoswa, nkhoswe yathu, anathamangira dengu asanandipatse ndi moni womwe. Tambala atangomasulidwa anakupiza mapiko nalira, amayi analulutira, ndipo Chisangalalo anapuma ngati munthu wotula thumba la chimanga. Ndinatsika pa kaliyala pang'onopang'ono, ndinagwira mtengo wa papaya kuti miyendo ikumbuke ntchito yake.

Dyna anali atafika kalekale, atasamba kumaso, atasintha ndi chitenje. Anabwera akumwetulira, gulu lonse lili pambuyo pake.

"Alamu, mwafika? Nanga njinga ija?"

"Njinga za masiku ano," ndinatero, ndikupukusa mutu. "Musabwereke njinga, alamu."

Dyna anatembenukira kwa a Jeremiya, amene anali atanjuta kale patali, chipewa m'manja.

"Bambo a Tisungeni, njinga ya apongozi anu yatani?"

"Ili bwino kwambiri. Ndaiyesa ndekha. Kumanzere ndi kumanja komwe."

"Oo. Nanga eni akewo atani?"

A Jeremiya anaomba m'manja, nakweza mawu kuti ndimve kuti ndi munthu wosunga pangano.

"Zimenezo andiletsa kunena."