Madzi Anadutsa Pambali pa Nyumba Yanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni. M'chaka chimodzi ndinataya nchito, khoma la kuchipinda, chitsime chathu, ndi mkazi wanga Esnati.

Nchito inatha pamene fakitale inayamba kuchepetsa anthu, nthawi ija makampani anali kugulitsidwa. Satifiketi yanga ya kukoleji ndinangoiika m'sutukesi. Zinazo zinapita ndi mvula. Titapirira chilala zaka zotsatizana, mvula inagwa ngati ya miyezi itatu m'sabata imodzi. Kwathu ku Nangongwe madzi analowa m'zimbudzi, kenaka m'zitsime. Esnati anadwala kolera, ndipo sanabwereko kuchipatala. Anandisiyira Tisa, mwana wongoyamba kulankhula.

Maliro atatha, a Zulu, mlongo wake wamkulu wa Esnati, anayang'ana mzere wa matope pakhoma. Kwathu malume ali ndi mau pa mwana.

"Mulamu, mwana sangankhale mu manzi," anatero. "Mvula ikangenanso muno, nizamutenga ayende kumudzi ku Katete."

Sindinatsutse, pakuti sananame. Chilimwe chonse ndinkakhala pakhomo, Tisa ali pamiyendo, ndikuyang'ana nyumba imene ndinalibe mphamvu yoikonza. Pemphero langa linafupika mpaka linatsala mau ochepa: Ambuye, mundisiyireko uyu.

Mitambo itayamba kusonkhana, a Zulu anabweranso. Ndinalowa m'nyumba kukalongedza zovala za mwana. Potuluka ndinawapeza avula shati, fosholo ili m'manja. Nawonso anali atawachotsa nchito ku njanji.

"Tiyeni, mulamu. Tisa sadziwa munthu ku Katete."

Tinatuta dothi la pachulu ndi wilibala, tinakweza pansi pa nyumba, tinamanganso khoma, n'kuyamba kukumba ngalande yopatutsa madzi. Koma ngalande siithera pabwalo la munthu mmodzi. Tinayenda khomo ndi khomo kupempha kuti idutse. Ena anakana poyamba, akuti ndi nchito ya kanselo. Mai wina amene anaika mwana wake m'manda nyengo ija anangotulutsa khasu lake, ndipo enawo anatsatira. Zimbudzi tinazikweza, zitsime tinazimangira milomo.

Mvula inabwera yaukali monga kale. Ndinaima pakhomo ndi Tisa, madzi ofiira akuthamanga m'ngalande kulowera kumtsinje. M'nyumba munali mouma. A Zulu anakwera basi okha.

Sindinganene kuti ndachira. Ndimatopa, ndipo mvula ikamveka pamalata ndimadzukabe kukasuzumira pakhomo. Koma ndithokoza Mulungu, amene anayankha kudzera mwa munthu yemwe ndinkamuopa. Inu amene mwatopa, musaleke kupempha, ngakhale mau atsale ochepa. Nyengo yasintha, kumbani pamodzi dzuwa likadalipo.

M'mawa uliwonse ndimadzutsa mwana wanga ndekha, n'kuchita zimene amake anandiuza pamene anamwino anali kunditulutsa m'tenti ya odwala:

"Atate ake Tisa, mwana uja sakonda phala lozizira. Muzimutenthetsera."