Diso Lofiira la a Onesimo

A Onesimo, owotcherera zitsulo ku Bangwe, anafika pakhomo kuchokera kuchipatala diso limodzi lili psuu, mawa lake kuli chinkhoswe cha mwana wawo Monika. Akazi awo a Kristina, amene analumbira kuti bambowo akadzalawanso mowa iwo adzabwerera kwawo ku Thyolo, anali pakhonde akusankha mpunga.

"Ati chiyani adokotala?"

"Ati ndi haipiremiya," anatero a Onesimo, akukhala pampando ngati munthu wokhoza mayeso.

A Kristina anaika lichero pansi. "Yeremiya? Wogulitsa kachasu uja?"

"Hai-pi-re-miya."

"Ndamva. Mpaka mwayamba kumupatsa moni wachizungu."

"Si munthu, mayi a Monika. Ndi dzina la zimene zachitika m'disomu. Ndinawotcherera geti popanda magalasi, timitsempha tatakasuka, magazi ambiri athamangira m'menemo."

"Athamangira? Akuthawa chiyani kumene anali?"

"Sakuthawa. Apita kukathandiza."

"Ndiye kumapaziku asiyako ndani?" Anawerama n'kuwatsina chala chachikulu. "Mukumva?"

"Iii, tasiyani. Aliko enanso kumeneko."

"Ngati achuluka chonchi, tiyeni mukapereke kuchipatala. Ena akuwasowa."

"Sanachuluke thupi lonse. Aunjikana pamalo amodzi basi."

"Ngati anthu kwa Yeremiya Loweruka."

A Onesimo anadzigwira kumutu. "Mumuchotse Yeremiya pankhaniyi."

"Mwabwera naye ndinu. Ine ndimasankha mpunga." Anaimirira, manja m'chiuno. "Chikwama changa chili pamwamba pa kabati, sichichedwa kutsika. Tapumirani kuno."

A Onesimo anapuma. A Kristina ananunkhiza, n'kununkhizanso.

"Chimanga chootcha," anatero motsitsa mawu. "Chabwino, ku Thyolo sindipita. Koma mawa abale a mkamwini akaona disoli, ndiwauza chiyani?"

"Muwauze dzina lake. Adziwe kuti kuno sitidwala matenda wamba."

"Ndingoti fumbi."

"Ayi. Ndaima pamzere mmawa wonse kuti ndilipeze dzinali. Tanenani: hai."

"Hai."

"Pi."

"Pi."

"Remiya."

"Yeremiya."

"Re. Lilime lipite kumwamba."

A Kristina anakonza chitenje, n'kugwada ngati alendo afika kale. "Takulandirani, apongozi. Pepani, bambo kunoku agwidwa ndi... hape Yeremiya."

Anayesa kudzigwira kuti asaseke koma zinakanika. Anakhala pansi, phewa likugwedera. Akati ayesenso, amangofika pa "hai" n'kugubuduka. Lichero linapendekeka, nkhuku zinathamangira mpunga, iwo misozi ili mbwee, akupukuta ndi nsonga ya chitenje.

A Onesimo anadikira kuti phwete lithe. Kenako anawerama, n'kuwayang'anitsitsa kumaso ndi diso labwino lija.

"Mayi a Monika, ine langa lafiira limodzi. Anuwa afiira onse awiri. Tapumirani kuno."