Tsiku lachinayi la tinyongolotsi ta malemu

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1964, achitatu m'banja la ana asanu. Anamaliza sekondale mu 1982, napita kukoleji kukaphunzira ntchito ya mulabotale. Mu 1988 anakwatiwa ndi bambo athuwa, okonza mawotchi.

Mu 1993 anayamba kusamalira tinyongolotsi tating'ono kwambiri, tooneka bwino pa maikulosikopu pokha. Ankatifotokozera kuti toikira mazira timakhala ndi makromosomu a X awiri, tatimuna imodzi, ndipo thupi limachepetsa mphamvu ya awiriwo ndi theka kuti pasakhale wopitirira mnzake. Ife tinkangogwedeza mutu ngati tamva. Mtundu umene malemu anapeza sutha kuchepetsa, choncho ana ake ambiri amafa, ndipo ofufuza amaphunzirapo zambiri. Ukauumitsa mufiriji sudzukanso. Pamafunika kusankha tamoyo ndi kutisamutsira m'mbale yatsopano pakatha masiku anayi alionse, pogwiritsa ntchito katsitsi ka pachikope komatidwa kukamtengo. Kuphonya kamodzi, mtundu watha.

Mu 2021 shuga anayamba kuwawononga maso. Anachita mantha kwambiri, poopa kuti akaulula awapumitsa ntchito, mbalezo n'kugwera m'manja mwa munthu wothamanga. Anauza amuna awo okha. Kwa zaka zitatu, tsiku losamutsa likakwana, bambowa ankatseka shopu, n'kukakhala pampando wa akazi awo kumasankha, malemu ali pambali kuwauza zoyang'ana. Akuntchito, mwazimva lero, tikhululukireni.

Pa 2 Juni 2024 anagonekedwa m'chipatala, impso zitasiya kugwira ntchito. Za imfa sanatchulepo. Ankangowerenga masiku ndi zala pabulangete, maso ali kukhomo. Anatisiya Lolemba, bambo atangofika kuchokera kokasamutsa.

Lero ndi tsiku lachinayi chisamutsireni, losamutsanso. Kuyambira Lolemba palibenso wowauza bambo kuti aka n'kamoyo, aka kasiyeni. Akuopa, nafenso tikuopa. Choncho mukawaona akunyamuka tisanamalize kumanda, musawanene. Akuntchito, chonde mukawatsegulire kulabotale.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, adzukulu atatu, ndi mbale zisanu ndi imodzi. Tikuthokoza anamwino, ampingo ndi nonse mwatikhalira pano.

Mayi, usani mumtendere. Masikuwo musawerengenso, tiwerenga ndife.